Ku Leipzig ndi ku Vienna pitani ndi makutu

Anzanga a m'kwaya akhala akundifunsa za ulendo umene ndinayenda ndi mlamu wanga ku Germany, ku Czech Republic ndi ku Austria, ndipo mafunso awo sasiyana: viza munaipeza bwanji, zinadya ndalama zochuluka bwanji, nanga munthu wamba amaloledwa kulowa m'maholo otchuka aja? Ndaona kuti ndingolemba kamodzi aliyense adziwerengere yekha. Ine ndimagwira ntchito kuno ku Britain, koma kuimba ndinaphunzirira kumudzi, m'kwaya ya mpingo, kumene besi tinkailoweza ndi solofa yolembedwa ndi choko pabolodi. Mayina a Handel, Bach ndi Mozart ndinayamba kuwaona pamwamba pa mapepala a kwaya amene anafotokopedwa mpaka zilembo kufufutika. Choncho musayembekezere mawu a katswiri.

Chimene chingakupindulitseni koposa zonse ndi ichi: ulendo muukonze potsata tsiku ndi ola limene kukuimbidwa. Nyumba zakale ndi ziboliboli mukazipeza tsiku lililonse, sizithawa. Koma kwaya ya anyamata ya ku Leipzig imaimba Lachisanu ndi Loweruka, Misa zikuluzikulu za ku Vienna zimachitika Lamulungu m'mawa, ndipo nyumba ya opera (masewero a pasiteji ochita kuimbidwa) ya ku Vienna imatseka m'miyezi ya Julayi ndi Ogasiti. Amene amafika Lachiwiri n'kunyamuka Lachinayi amabwerako ndi zithunzi zokhazokha. Ife tinayambira ku Leipzig kumapeto kwa sabata, pakati pa sabata tinali ku Prague, Lamulungu lotsatira linatipeza ku Vienna, ndipo tinatsirizira ku Salzburg.

Za viza ndinene mwachidule. Mayiko atatuwa ali m'gulu la Schengen, kotero viza imodzi ikukwanirani. Wokhala ndi pasipoti ya Malawi amafunika vizayo ngakhale ali ndi chilolezo chokhalira ku Britain, pakuti chilolezo cha ku Britain sichigwira ntchito kumeneko. Mumafunsira ku dziko limene mukakhaleko nthawi yaitali kuposa enawo. Kuyambira mu Juni 2024 mtengo wake ndi mayuro 90 kwa wamkulu, osawerengera ya ofesi yolandirira mafomu. Amafuna inshuwalansi ya zaumoyo yofika mayuro 30,000, umboni wa kogona, matikiti obwererera, sitetimenti ya kubanki, ndi pasipoti yoti ikhalebe ndi mphamvu miyezi itatu mutatuluka m'mayikowo. Mukhoza kufunsira kudakali miyezi isanu ndi umodzi, ndipo chitani changu chifukwa chimene chimavuta ndi kupeza tsiku lokaonekera. Ochokera kumudzi, ndege ya Ethiopian Airlines yodzera ku Addis Ababa imafika ku Vienna komanso ku Frankfurt. Ife tinatsikira ku Berlin n'kukwera sitima yothamanga, ndipo patangodutsa ola limodzi ndi mphindi zochepa tinali ku Leipzig.

Leipzig si mzinda umene alendo ambiri amathamangirako, komatu kwa munthu wa kwaya ndiye likulu. Tchalitchi cha Thomaskirche chili ndi kwaya ya anyamata, Thomanerchor, imene inayamba mu 1212 ndipo sinasiyepo. Johann Sebastian Bach anali mphunzitsi wa kwaya imeneyi kuyambira 1723 mpaka imfa yake mu 1750. Anyamatawa, a zaka zoyambira 9 kufika 18, amagonera pasukulu pamodzi, ndipo sukulu ikakhala yotsegula amaimba m'tchalitchimo Lachisanu 6 koloko madzulo ndi Loweruka 3 koloko masana. Mwambowu amautcha Motette. Pakhomo mumapereka mayuro ochepa kwambiri, osafika mtengo wa khofi wa m'tauni, n'kulandira kapepala ka ndondomeko. Sukulu ikatsekera kumaimba makwaya ena, ndiye yang'anirenitu pa intaneti kuti sabata imeneyo aimba ndani.

Tinafika kudakali nthawi ndipo tinapeza mzere utayamba kale. Malo salembedwa manambala, woyamba kulowa ndiye amasankha. Apa mverani: anyamatawo nthawi zambiri amaimbira pakhonde la m'mwamba kumbuyo, kumene kuli limba lalikulu, kotero mukakhala kutsogolo kwenikweni muwamva koma simuwaona. Ife tinakwera pakhonde la m'mbali, ndipo tinkaona ngakhale dzanja la mphunzitsi wawo. Ang'onoang'ono amavala malaya a kolala yaikulu onga a amalinyero. Mphunzitsi atangokweza dzanja, mawu anatuluka onse pamodzi, popanda wotsogola kapena wotsalira. Chinandigwira mtima ndi mmene amatsirizira mawu. Chilembo chomaliza, kaya ndi t kaya ndi s, onse amachitula nthawi imodzi ngati pakamwa ndi pamodzi, kenako phokoso limayenda m'denga kwa kamphindi lisanazime. Mlamu wanga, amene amaimba aluto ndipo sasowa chonena, anandikodola n'kunong'oneza kuti, "Alamu, ana awa amapuma nthawi yanji?"

Dziwani kuti awa ndi mapemphero. Pali kuwerenga mawu, abusa amalankhula mwachidule, mpingo wonse umaimirira kuimba nyimbo imodzi, ndipo pamakhala Pemphero la Ambuye. Zonse m'Chijeremani, koma amene anakulira m'tchalitchi satayika, amadziwa pamene afika. Musajambule, ndipo manja muwasunge pamiyendo. Loweruka ndiye tsiku lonona, chifukwa kawirikawiri amaimba kantata ya Bach mothandizidwa ndi oimba zida a gulu la Gewandhaus. Kantata ndi nyimbo yaitali ya zigawo zingapo, ya kwaya, oimba payekha ndi zida, yolembedwa motsata mawu a m'Baibulo a Lamulungu limenelo. M'zaka zake zoyambirira ku Leipzig, Bach ankalemba yatsopano pafupifupi sabata iliyonse, kuikopera, kuiphunzitsa, n'kuiimbitsa Lamulungu.

Manda ake ali m'tchalitchi momwemo, kutsogolo kufupi ndi guwa, pansi pa chitsulo chophwatalala cholembedwa dzina lake lokha. Mafupawo anawasamutsira mmenemo nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, tchalitchi chimene anali chitaphwanyidwa ndi mabomba. Panja pali chiboliboli chake cha mu 1908. Chiyang'anitsitseni: thumba limodzi la chikhoto chake ndi lotembenuzidwa, lopanda kanthu, ndipo eni mzinda amati n'chifukwa chakuti mkuluyu ankangodandaula za malipiro. Anabereka ana 20 mwa akazi awiri, woyamba atamwalira anakwatira wina, ndiye dandaulolo n'lomveka. Patsidya pa bwalo pali myuziyamu ya Bach. Kumeneko ndinaphunzira zinthu ziwiri zimene zinandiseketsa. Choyamba, khonsolo ya mzinda sinkafuna iyeyo poyamba. Inayamba yafunsa opeka nyimbo ena awiri, Telemann, kenako Graupner, ndipo onse atalephereka m'pamene inatenga Bach. Chachiwiri, mu 1730 iye analembera khonsoloyo kalata yodandaula, ndipo anawerengera anyamata ake motere: 17 otha kuimba, 20 amene sanafikepo, ndi 17 osatheka n'komwe. Aliyense amene anaphunzitsapo kwaya aimva bwino kalata imeneyi.

Mzindawu ndi woyendeka wapansi. M'misewu anaikamo zitsulo zopindika zolozera njira ya makilomita pafupifupi 5, yotchedwa Notenspur, imene imakupititsani pa malo onse a nyimbo. Imadutsa pa nyumba ya Felix Mendelssohn mu Goldschmidtstraße, mmene anamwaliriramo mu 1847. Munthu ameneyu ndiye anautsa nyimbo za Bach zitaiwalika, pamene anaimbitsa nyimbo ya Bach ya masautso a Yesu monga mwa Mateyu ku Berlin mu 1829, ndipo mu 1843 anayambitsa sukulu ya nyimbo ku Leipzig. Chifukwa anali wa mtundu wa Chiyuda, a Nazi anagwetsa chiboliboli chake mu 1936. Chimene mukachione pafupi ndi Thomaskirche ndi chobwezeretsa cha mu 2008. Njirayo imafikanso ku myuziyamu ya Grassi, kumene kuli zida zoimbira zakale, kuphatikizapo piyano ya mu 1726 yopangidwa ndi Bartolomeo Cristofori, mwini luso la piyano. Musalambalale tchalitchi cha Nikolaikirche. Bach ankaimbitsanso mmenemo, koma chimadziwika kwambiri ndi mapemphero a mtendere a Lolemba lililonse m'nthawi ya East Germany. Pa 9 Okutobala 1989 anthu pafupifupi 70,000 anayenda m'misewu atanyamula makandulo kuchokera pa mapempherowa, apolisi ndi asilikali osawombera, ndipo patangotha mwezi umodzi khoma la ku Berlin linatseguka.

Kuchoka ku Leipzig kupita ku Prague sitima imadzera ku Dresden, kenako imatsata mtsinje wa Elbe pakati pa mapiri a miyala. Matikiti a sitima gulani kudakali milungu ingapo, mtengo wake umatsika kwambiri, kungoti tikiti yotchipayo imakumangirirani ku sitima ya ola limenelo basi.

Prague ndi wokongola mochititsa kaso, koma pa nkhani ya nyimbo ndinakhutira pang'ono. Pakati pa mzinda wakale, pafupifupi pakhomo pa tchalitchi chilichonse pali wina wogawa timapepala ta konsati ya ola limodzi, ndipo ukaunjika timapepalato umapeza kuti nyimbo zake ndi zomwezomwezo. Ndalama zanu zisungireni holo ya Rudolfinum, kwawo kwa gulu la Czech Philharmonic, kapena Estates Theatre, nyumba imene Mozart mwiniwake anaimbitsiramo opera ya Don Giovanni koyamba pa 29 Okutobala 1787. Nyumbayo ikugwirabe ntchito mpaka lero. Kumeneku ndalama yake ndi koruna, osati yuro, ndipo kuli bwino kulipira ndi khadi kusiyana ndi kusinthitsa m'timaofesi ta m'misewu ya alendo. Malo amene ndinawakonda ndi phiri la Vyšehrad, kumene kuli manda a opeka nyimbo otchuka a dzikolo, Bedřich Smetana ndi Antonín Dvořák, ndipo pansi pake pakuyenda mtsinje wa Vltava. Smetana anagontha mu 1874, ndipo nyimbo yake yotchuka yofotokoza mtsinje umenewu anailemba kumapeto kwa chaka chomwecho, makutu atatseka kale. Chikondwerero cha nyimbo cha Prague Spring chimayamba pa 12 Meyi chaka chilichonse, tsiku limene iye anamwalira. Dvořák naye ali ndi mbiri yotikhudza. Ali ku New York pakati pa 1892 ndi 1895 ankamvetsera nyimbo zauzimu za akapolo achikuda kwa wophunzira wina, Harry Burleigh, ndipo ananena poyera kuti tsogolo la nyimbo za America lili m'nyimbo zimenezo, pa nthawi imene azungu ambiri ankazinyoza.

Kuchokera ku Prague kukafika ku Vienna ndi maola anayi pa sitima.

Ku Vienna chinthu choyamba kukumana nacho, mukangotuluka pansi pa siteshoni ya Stephansplatz, ndi anyamata ovala mawigi oyera ndi majekete ofiira a m'nthawi ya Mozart, atanyamula mafayilo a matikiti. Amakuthamangira ngati oitanira minibasi padepoti, ndipo amalankhula chilankhulo chilichonse. Mmodzi anatimata, natiuza kuti matikiti atsala awiri okha ndipo atichotserako mtengo chifukwa tachokera kutali. Mlamu wanga anali atayamba kale kutsegula chikwama. Ndinati, "Mlamu, dikirani kaye, tiyeni tikaone mitengo ya ku opera." Sindikunena kuti anyamatawa ndi akuba. Konsati imakhalapodi, oimba ake ndi ophunzira bwino, ndipo wofuna kumva tizidutswa totchuka kwa ola limodzi ndi theka akhoza kusangalala. Koma ndi zokonzera alendo, ndipo mtengo wake umaposa kangapo ndalama imene mungalowere m'nyumba zenizenizo.

Chinsinsi chake ndi malo oimirira. Nyumba ya opera ya boma, Wiener Staatsoper, imene inatsegulidwa mu 1869, ili ndi malo mazanamazana a anthu oimirira, ndipo tikiti yake siifika mayuro 20, pamene mipando yabwino imadutsa mayuro 200. Matikitiwa amagulitsidwa tsiku lomwelo. Kagulitsidwe kake kamasinthasintha, choncho werengani pa tsamba lawo la pa intaneti musanapite. Malo oimirira a pansi, kumbuyo kwa mipando yodula ija, amayang'anizana ndi siteji bwino lomwe, ndipo a m'mwamba kwenikweni ndiwo amamveka bwino. Patsogolo panu pamakhala chitsulo chotsamira chokutidwa ndi nsalu, ndi kasikirini kosonyeza mawu a oimbawo m'Chingerezi. Ife tinaonera Le nozze di Figaro, imene Mozart anailembera m'nyumba ya pa Domgasse 5, kuseri kwa tchalitchi cha Stephansdom, ndipo inaonetsedwa koyamba mu mzinda womwewo mu 1786. Imatenga maola oposa atatu. Miyendo imalira ndithu, ndiye valani nsapato zofewa, idyani musanalowe, ndipo pa nthawi yopuma khalani pansi paliponse pamene mwapeza. Chikhoto ndi chikwama chachikulu amakuuzani kuti mukasungitse. Suti siifunika, koma kabudula ndi zovala zong'ambika akhoza kukubwezani nazo.

Pafupi nane panaima gogo wina wamkazi, wamfupi, tsitsi lonse mbuu. Sanayang'aneko pa kasikirini ngakhale kamodzi, milomo yake inkangoyenda limodzi ndi oimbawo. Pa nthawi yopuma anandifunsa kumene ndachokera, ndipo nditatchula Malawi anati amadziwa za nyanja yathu. Anandiuza kuti anayamba kuimirira pamalopo ali mtsikana wa sukulu, ndipo oimba amaopa anthu oimirira kuposa a m'mipando, chifukwa oimirirawo ndiwo amadziwa pamene munthu waphonya. Oimba a opera alibe maikolofoni. Mayi mmodzi amaimba, pansi pake zida makumi angapo zikulira, koma mawu ake amakupezani kumbuyo kwenikweni kwa holo ngakhale akuimba motsitsa. Pa wailesi kapena pa foni zimenezi sizimveka.

Holo ya Musikverein, ya mu 1870, imene imaoneka pa kanema pa konsati ya Chaka Chatsopano, nayonso ili ndi malo oimirira kumbuyo. Kumeneko samalani ndi kuomba m'manja. Nyimbo imodzi imakhala ndi zigawo zitatu kapena zinayi, ndipo pakati pa zigawo oimba amaima pang'ono koma anthu saomba. Dikirani mpaka wotsogolera atsitse manja n'kutembenuka. Foni izimitsidwe, ndipo amene ali ndi chifuwa atenge switi yoyamwa yosalira pepala.

Lamulungu ndiye tsiku limene Vienna amapatsa mlendo zaulere. M'tchalitchi cha Augustinerkirche, chogundizana ndi nyumba yachifumu ya Hofburg, Misa ya 11 koloko imaimbidwa ndi kwaya yonse, oimba payekha, limba ndi zida, ndipo kawirikawiri imakhala Misa yolembedwa ndi Mozart, Haydn kapena Schubert. Palibe tikiti, mumangoponya chopereka potuluka, ndipo ndikupemphani kuti muponye ndithu chifukwa ndi chimene chimalipira oimbawo. Fikani kudakali theka la ola kapena kuposerapo, ndipo nyengo yozizira valani zokwanira, makoma amiyala aja amasunga chisanu. Ine si Mkatolika, koma kumeneku n'kumene ndinamvetsa chifukwa chake nyimbozi zinalembedwa motero. Gloria imaphulika pamene mpingo wangomaliza kupempha chifundo, Agnus Dei imabwera anthu akukonzekera kupita ku Mgonero, ndipo pakati pake pali kuwerenga, ulaliki ndi utsi wa lubani. Tikamaimba chidutswa chimodzi pa mpikisano wa makwaya timachizula pamalo pake. Kwaya ya anyamata ya ku Vienna, imene mbiri yake imayambira mu 1498, imaimba pa Misa ya 9:15 m'kachisi wa Hofburg kuyambira pakati pa Seputembala mpaka Juni. Kumeneko mipando ndi yolipira, ndipo anyamatawo amaimbira m'mwamba mosaoneka, amangotsika kumapeto. Mukati musankhe chimodzi, ine ndingakutumizeni ku Augustinerkirche.

Tsiku lomwelo masitolo amakhala otseka, ku Austria ngakhalenso ku Germany, kupatula ochepa a m'masiteshoni akuluakulu. Buledi, zipatso ndi zina gulanitu Loweruka ku Billa, Spar kapena Hofer. Madzi musagule. A pampopi a ku Vienna amachokera ku akasupe a m'mapiri kudzera m'mipope imene inayamba kugwira ntchito mu 1873, ndipo ndi okoma kuposa a m'botolo. Osadya nkhumba azifunsa asanagule soseji ya pamsewu, pakuti zambiri ndi za nkhumba. Zimbudzi za m'masiteshoni n'zolipira, sungani timakobili. Pokwera tram kapena sitima ya pansi palibe geti kapena kondakitala, koma tikiti ya pepala iyenera kudindidwa pa kamakina musanayambe ulendo, ndipo oyendera akakugwirani mulibe yodinda faindi yake ndi yowawa.

Nditanena kuti tipite kumanda, mlamu wanga anakana. "Alamu, ndalama zonsezi tawononga kuti tikayendere manda a eni ake? Kwagwa maliro?" Ndinamunyengerera mpaka tinakwera tram nambala 71, imene imakafika ku Zentralfriedhof. Tsikirani pa geti lachiwiri. Mandawa anatsegulidwa mu 1874, ndi aakulu kotero kuti mkati mwake mumayenda basi, ndipo anthu amapitamo kukawongola miyendo. Mukayenda pang'ono kuchoka pageti, kumanzere, pali chigawo 32A. Pamenepo Beethoven, Schubert, Brahms ndi a Strauss agona moyandikana. Beethoven anamwalira mu 1827, ndipo Schubert anali mmodzi wa onyamula miyuni pa maliro ake. Chaka chotsatira Schubert naye anatsikira kuli chete ali ndi zaka 31 zokha, atapempha kuti akamuike pafupi ndi Beethoven. Onse awiri anaikidwa ku Währing, ndipo mu 1888 anawasamutsira kuno. Chipilala cha Mozart chili pakati pawo koma pansi pake palibe munthu. Iye anamwalira pa 5 Disembala 1791 ali ndi zaka 35, naikidwa ku manda a St. Marx m'dzenje wamba lopanda chizindikiro, monga ankaikidwira anthu ambiri a mu mzindawo masiku amenewo, ndipo malo enieniwo sadziwika. Tram yomweyo imadutsa kufupi ndi St. Marx. Mlamu uja, amene ankakana, ndiye anachedwetsa ulendo powerenga ziliza chimodzichimodzi.

Nyumba za oimbawa zilipo zambiri ndipo simungazimalize. Beethoven yekha anasamuka kambirimbiri. Ngati musankhe imodzi, pitani ku Heiligenstadt, pa Probusgasse 6, dera limene mu 1802 analemberako abale ake kalata yowauza kuti makutu ake akufa ndipo anafika poganiza zodzipha, koma luso lake linamuletsa. Kalatayo sanaitumize, inapezeka iye atamwalira. Nyumba ya Haydn ku Gumpendorf ndi yabata, ndipo a mipingo ya Chipulotesitanti akamva nyimbo imene anapekera mfumu mu 1797 aizindikira msanga, chifukwa maimbidwe ake ali m'mabuku ambiri a nyimbo za m'tchalitchi, komanso ndi omwe ali m'nyimbo ya fuko la Germany.

Pali mbiri ina imene otsogolera alendo satchula kawirikawiri. M'masiku a Mozart ku Vienna kunali munthu wakuda wotchuka, Angelo Soliman, amene anagwidwa ukapolo ku Africa ali mwana, nakula kukhala munthu wophunzira wa m'nyumba ya kalonga wa Liechtenstein, ndipo ankakumana ndi Mozart m'gulu la Freemason. Atamwalira mu 1796, thupi lake analisenda khungu n'kuliika poonetsera m'nyumba yachifumu ya zachilengedwe pamodzi ndi nyama zakutchire. Mwana wake wamkazi anapempha kuti amupatse bambo ake akawaike m'manda, koma anamukaniza, ndipo zotsalazo zinapsa ndi moto mu 1848. Winanso ndi George Bridgetower, katswiri wa vayolini amene bambo ake anali wakuda. Mu 1803 anaimba limodzi ndi Beethoven ku Augarten sonata yatsopano imene Beethoven anamulembera. Atayambana, Beethoven anachotsa dzina lake n'kuikapo la Rodolphe Kreutzer, munthu amene sanaiimbepo n'komwe, ndipo mpaka lero imadziwika ndi dzina la Kreutzer. Poyenda m'misewu yokongola ija ndi bwino kudziwa kuti akuda analipo, ndiponso zimene anawachita.

Salzburg ili pa mtunda wa maola awiri ndi theka kuchokera ku Vienna. Ndi kamzinda kokongola, ka pakati pa mapiri, linga la Hohensalzburg limene linayamba kumangidwa mu 1077 lili pamwamba pake. Koma nkhope ya Mozart aigulitsa mopitirira: ili pa chokoleti, pa maambulera, pa masokosi, pa mabotolo a mowa. Zimaseketsa ukakumbukira kuti mwiniwakeyo ankadana nawo mzindawu, anakangana ndi bwana wake Arkibishopu Colloredo, ndipo mu 1781 anachotsedwa ntchito mochita kumenyedwa theche ndi nduna ya bwanayo. Nyumba imene anabadwiramo pa 27 Januwale 1756, pa Getreidegasse 9, imadzaza moti umayenda mokankhana. Muli kavayolini kake ka paubwana, ndipo kupatula apo sindinaonemo chondisunga nthawi. M'tchalitchi chachikulu muli beseni lachitsulo la m'zaka za m'ma 1300 limene anabatizidwiramo. Kumapeto kwa Julayi ndi mwezi wonse wa Ogasiti kumakhala chikondwerero chachikulu chimene chinayamba mu 1920, ndipo malo ogona amakwera mtengo koopsa. Wa thumba lopepuka apewe nyengo imeneyo.

M'beseni lomwelo anabatizidwiramonso Joseph Mohr, wansembe amene analemba mawu a nyimbo ya Khirisimasi ija ya usiku wopatulika, Stille Nacht, imene timaimba m'zilankhulo zathu chaka ndi chaka. Inaimbidwa koyamba pa 24 Disembala 1818 ku Oberndorf, Mohr akuimba gitala, pamodzi ndi mphunzitsi Franz Xaver Gruber amene anapeka maimbidwe ake. Kasitima kochokera pansi pa siteshoni ya Salzburg kamakafika kumeneko m'mphindi zosakwana 30. Tchalitchi chenichenicho anachigwetsa chitaonongeka ndi madzi osefukira a mtsinje wa Salzach, ndipo pamalopo pali kakachisi ka mu 1937, kolowa anthu owerengeka. Mukaoloka mlatho mwalowa m'Germany, m'tauni ya Laufen. Theka la tsiku likukwanirani.

Miyezi yabwino ndi Meyi, Juni, kumapeto kwa Seputembala ndi Okutobala, pamene maholo ndi makwaya onse ali pantchito ndipo kunja kukupiririka. Disembala ali ndi nyimbo zambiri ndi misika ya Khirisimasi, koma 4 koloko madzulo kumakhala kutayamba kale kuda, ndipo chisanu chake chimalowa m'mafupa.

Amene ndalama zake sizingakwane mizinda yonseyi asadzivute, apite ku Leipzig kokha, kumene kogona n'kotsikirako mtengo kuyerekeza ndi Vienna ndi Salzburg, akamve Motette ya Lachisanu ndi ya Loweruka, ndipo tsiku lina akwere sitima ya theka la ola kupita ku Halle. Kumeneko n'kwawo kwa George Frideric Handel, mwini wake wa korasi ya Aleluya imene makwaya athu amalimbana nayo pa Khirisimasi ndi pa Pasaka. Anabadwa mu 1685, chaka chimodzi ndi Bach, ndipo ngakhale kwawo kunali kufupi chonchi awiriwa sanaonanepo. Nyumba imene anabadwiramo ndi myuziyamu tsopano, ndipo m'tchalitchi cha pamsika, Marktkirche, mmene anabatizidwira, mudakali limba laling'ono la mu 1664 pamwamba pa guwa. Sitima za ku Halle zimanyamukira pansi pa siteshoni yaikulu ya Leipzig kangapo pa ola lililonse, ndipo tikiti mumagula pamakina musanatsike masitepe.